Mmene mungakonzere ukwati nthawi ya mliri motsatira malamulo a zaumoyo

Pa 7 Ogasiti 2020, m'tauni yaing'ono ya Millinocket, m'chigawo cha Maine ku America, munachitika phwando la ukwati ndipo kunabwera anthu 55. Lamulo la m'chigawocho pa nthawiyo linkalola anthu 50 okha kusonkhana m'nyumba. Pakhomo panali chikwangwani chouza alendo kuti avale masiki, ndipo aliyense anamuyeza kutentha kwa thupi asanalowe. Koma m'katimo alendo sanavale masiki, anakhala mothithikana, ndipo panalibe wowakumbutsa. Akatswiri a zaumoyo atalondoloza nkhaniyi, lipoti lomwe bungwe la boma la America loona za matenda la CDC linatulutsa linasonyeza kuti anthu 177 anadwala COVID-19 kuchokera paphwando limeneli, ndipo 7 anamwalira. Mwa anthu 7 amenewo, palibe ndi mmodzi yemwe amene anapondako kuukwatiko. Kachilombo kanachoka kwa alendo n'kupita kwa abale awo ndi anzawo a kuntchito, mpaka kanakalowa m'nyumba yosamaliramo okalamba komanso m'ndende, kutali kwambiri ndi kumene kunali chisangalalocho.

Nkhani imeneyi imandikhudza chifukwa zonse zimene timakonda kuloza tikamati tatsatira malamulo zinalipo. Chikwangwani chinalipo, choyezera kutentha chinalipo. Anasowa ndi munthu woti aimirire n'kunena kuti, "Pepani, valani masiki." Ndakhala ndikuthandiza mabanja kukonza maukwati, ndipo ndaona kuti lamulo la zaumoyo silivuta papepala. Limavuta pamene nyimbo zayamba, anthu akhuta, ndipo amene mukufuna kumudzudzulayo ndi apongozi anu.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti COVID-19 ndi mliri wa dziko lonse pa 11 Malichi 2020, ndipo pa 5 Meyi 2023 linati matendawa salinso vuto ladzidzidzi la mayiko onse. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Malangizo ali m'munsiwa ndi a mliri uliwonse wofala kudzera mu mpweya umene timapuma. Ngati ndi matenda ofala m'madzi ndi m'zakudya ngati kolera, kapena pokhudza wodwala ngati Ebola, malamulo amatsindika zina, ngakhale kuti kakonzekeredwe kake kamafanana.

1. Pezani lamulo lenileni la kumene ukwati udzachitikire

Lamulo limene likukukhudzani ndi la dera limene kuli holo kapena nyumba yopemphereramo, pa tsiku la ukwatilo. La kumene mumakhala inu lingasiyane nalo, ndipo limene mnzanu anatsatira mwezi watha mwina linasintha kale. M'mayiko ambiri boma limaika malire ake, kenako chigawo kapena khonsolo ya mzinda n'kuwonjezerapo okhwima kuposa pamenepo. Zikasiyana choncho, tsatirani lokhwimalo. Uthenga wongoyendayenda pa WhatsApp musaudalire. Onani pa tsamba la unduna wa zaumoyo, kapena imbani foni ku ofesi ya zaumoyo ya deralo, ndipo pemphani kuti yankho akupatseni molemba. Paja safunsa anadya phula.

Mukamafunsa, musathere pa funso lakuti "ndi anthu angati ololedwa?" Funsaninso kuti pachiwerengerocho akuwerenga ndani. Kwina amawerenga akwati, mboni, wodalitsa ukwati, makanda ndi wojambula zithunzi yemwe. Kwina ogwira ntchito sawawerenga. Kusiyana kumeneku kungakudyereni mipando khumi. Funsani ngati mwambo womangitsa ukwati ndi phwando lake zili pansi pa lamulo limodzi, pakuti nthawi zambiri sizikhala choncho. Ku England, mwambo wa ukwati wa anthu 30 unaloledwa kuyambira pa 4 Julayi 2020, koma phwando lokhala pansi n'kudya linadikira mpaka pa 15 Ogasiti. Funsani za nthawi yotsekera malo, za kuvina, za kuimba, za mowa, komanso ngati alendo ochokera kunja kwa dziko akuyenera kubindikira kaye akafika.

Ndipo dziwani kuti yankho limene mwalandira lero lingathe ntchito mawa. Taonani mmene zinayendera ku England komweko. Pa 23 Malichi 2020 maukwati anaimitsidwa. Mu Julayi analola anthu 30. Pa 28 Sepitembala anatsitsa kufika pa 15. Mu Januwale 2021 ukwati unkaloledwa pokhapokha pali chifukwa chachikulu, monga mmodzi wa akwati akudwala mwakayakaya, ndipo anthu asapitirire 6. Pa 17 Meyi 2021 anabwereranso pa 30, ndipo malirewo anachotsedwa pa 21 Juni. Ku Australia, kumapeto kwa Malichi 2020, ukwati unali wa anthu 5 basi: akwati, wodalitsa ndi mboni ziwiri. Munthu amene anasindikiza makadi mwezi umodzi anapeza lamulo lina mwezi wotsatira. Choncho sankhani masiku atatu oti mudzafunsenso: kutatsala mwezi, kutatsala sabata, ndi kutatsala masiku awiri.

2. Lembani mindandanda itatu ya alendo

Apa ndi pamene pali ululu wonse, ndipo ndikupemphani kuti muchite zimenezi poyambirira, mitima ili m'malo, musanauze aliyense kuti adzabwere.

Khalani pansi awiri, mkwati ndi mkwatibwi, musanaitane makolo. Tengani mapepala atatu. Papepala loyamba lembani anthu amene popanda iwo ukwati sungamangidwe mwalamulo: inu awiri, wodalitsa, mboni, ndi mwina makolo. Amenewa asapitirire khumi. Papepala lachiwiri lembani anthu okwanira chiwerengero chimene lamulo likulola lero, koma musiye mipando iwiri kapena itatu yopanda mwini, chifukwa nthawi zonse pamapezeka wina wobwera ndi mwana kapena womuperekeza. Papepala lachitatu ndi pamene mulembe onse amene mukanakonda kuti adzakhalepo zinthu zitakhala bwino.

Ubwino wake ndi woti lamulo likasintha kutatsala masiku anayi, simuyamba kukangana usiku kuti tichotse ndani. Mumangotenga pepala lina. Mabanja awiri agawane mipando mofanana, ndipo mugwirizane zimenezi pamaso pa makolo a mbali zonse kuti pasadzakhale wonena kuti kwawo kwa mnzake kunachuluka.

Pogawa mipandoyo, werengani nyumba zimene anthu akuchokera. Anthu 30 ochokera m'nyumba 6 ndi osiyana kwambiri ndi anthu 30 ochokera m'nyumba 25, chifukwa nyumba iliyonse imabwera ndi onse amene yakumana nawo sabata imeneyo, ndipo imabwerera ndi zimene yatola.

Nkhani ya agogo ndi odwala matenda a shuga, a mtima, a m'mapapo kapena amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chofooka, musaigamule muli nokha. Pitani mukalankhule nawo. Ena adzati, "Ine ndidzabwera ngakhale zivute," ndipo ndi ufulu wawo, koma muwakonzere malo apadera. Ndinaonapo gogo wina atamukhazika pampando wabwino pafupi ndi khomo, poganiza kuti pamenepo pali mpweya wabwino. Zotsatira zake, mlendo aliyense wolowa ankayamba wawerama, kutsitsa masiki kuti gogoyo amuzindikire, kumugwira manja onse awiri, n'kumulankhulira kukhutu chifukwa sankamva bwino. Pomwe mwambo unkayamba, munthu amene tinkafuna kumuteteza kuposa onse anali atapumirana ndi holo yonse. Kuyambira pamenepo, okalamba ndimawalowetsa pomaliza, anthu onse atakhala kale, ndi kuwaika pafupi ndi zenera lotsegula kutsogolo, ndi mdzukulu mmodzi wamkulu pambali pawo woyankha moni m'malo mwawo.

Amene sanakwane pamndandanda muwaimbire foni nokha. Asamve kwa ena. Auzeni zoona zake, kuti lamulo lalola anthu akutiakuti ndipo mwayamba ndi a m'nyumba. Ngati mudzaonetsa mwambowo pa intaneti kudzera pa Zoom, Facebook kapena YouTube, ntchitoyo ikhale ya munthu mmodzi amene alibe china chochita tsikulo. Akayese netiweki pamalopo pasadakhale, ndipo foni aiike pafupi ndi olankhula, chifukwa oonera kutali amapirira chithunzi chosaoneka bwino koma mawu akapanda kumveka amatseka. Kumbukirani kuti kuonetsa mwambo pa intaneti n'kosiyana ndi kumanga ukwati pa intaneti. Ku New York analola zomanga ukwati pa kanema wa pa intaneti mu Epulo 2020, koma m'mayiko ambiri lamulo limafunabe kuti akwati, wodalitsa ndi mboni akhale malo amodzi.

3. Mgwirizano ndi eni malo, musanapereke chikole

Musalipire kanthu musanaone molemba mayankho a mafunso awa. Boma likaletsa misonkhano, ndalama zathu zibwerera zingati, ndipo pakapita masiku angati? Likatsitsa chiwerengero cha anthu, kodi tidzalipira mbale za anthu amene abwera kapena za amene tinalembetsa poyamba? Tingasunthe tsiku kangati popanda chindapusa? Nanga mmodzi wa akwati akadwala kapena akauzidwa kuti abindikire?

M'mapepala ambiri a mgwirizano mumakhala ndime yotchedwa force majeure, yonena za zinthu zogwa mwadzidzidzi zimene palibe akanaziletsa. Iwerengeni bwino. Ngati simukutchulidwa mliri kapena lamulo la boma, pemphani kuti awonjezere, chifukwa mliri ukakhala kuti unayamba kale pamene munkasaina, mwini malo akhoza kunena kuti munkadziwa. Inshulansi ya ukwati nayonso kawirikawiri siteteza ku mliri umene walengezedwa kale. Ku Britain, bungwe loteteza ogula la Competition and Markets Authority linanena mu Sepitembala 2020 kuti ukwati ukalephereka chifukwa cha lamulo la m'bindikiro, akwati ayenera kubwezeredwa ndalama zawo, kupatula zina zimene mwini malo anawononga kale pokonzekera ukwati umenewo. Malamulo a mayiko ena ndi osiyana, n'chifukwa chake pepala lanu ndi limene lidzakulankhulireni. Chitani chimodzimodzi ndi ophika, okongoletsa, oimba ndi wojambula.

Mulembenso kuti ndani adzagula sopo, sanitaiza ndi masiki apadera, ndani adzasunga kaundula wa alendo, ndipo akuluakulu a zaumoyo akabwera n'kupeza cholakwika, chindapusa ndi cha ndani. Ku England, kuyambira kumapeto kwa Ogasiti 2020, wokonza msonkhano wosaloledwa wa anthu opitirira 30 ankatha kulipitsidwa mapaundi 10,000. Eni malo nawo akhoza kulandidwa chiphaso cha bizinesi, choncho mwini holo akamaumirira malamulo musamuone ngati wovuta. Wokuuzani kuti "musadandaule, tidzangotseka geti, palibe adzadziwe" ndi amene muyenera kumuthawa.

4. Pitani mukaone mpweya wa pamalopo

Ambiri tikapita kukaona holo timayang'ana kukongola kwa denga, kuwala kwa magetsi ndi malo oimika magalimoto. Nthawi ya mliri, yambani ndi mazenera.

Pa 10 Malichi 2020, kwaya ina ya m'dera la Skagit, m'chigawo cha Washington ku America, inakumana kuti iphunzire nyimbo. Anasonkhana anthu 61 kwa maola awiri ndi theka, ndipo mmodzi anali ndi zizindikiro ngati za chimfine. Pamapeto pake anthu 53 anadwala ndipo 2 anamwalira. Munthu mmodzi sangakhudzane ndi anthu onsewo madzulo amodzi. Chinawapatsira ndi mpweya wa m'chipindamo. Tikamapuma, kulankhula, makamaka kuimba ndi kufuula, timatulutsa timadontho ting'onoting'ono timene timayandama ngati utsi. M'chipinda chotseka timachulukirachulukira, ndipo wokhala pakona yakutali amatipuma ndithu. Ganizirani munthu wosuta fodya m'holo imene mukuyang'anayo. Kodi utsi wake ungatuluke msanga, kapena ungakhale mpaka madzulo? Yankho lake ndi lomwelo pa kachilombo.

Choncho ngati n'kotheka, chitirani panja. Koma samalani ndi tenti. Tenti yotsekedwa mbali zonse zinayi ndi chipinda basi, kaya yamangidwa pakapinga. Mbali ziwiri zoyang'anana zikhale zotsegula kuti mphepo izidutsa.

Ngati ndi m'nyumba, tsegulani nokha zenera lililonse muone ngati limatseguka. Ena amakhala oti anamatidwa ndi penti kalekale. Funani mazenera kapena zitseko zoyang'anana, kuti mpweya uzilowa uku n'kutulukira uko. Funsani ngati makina oziziritsa m'chipinda amakoka mpweya wa panja kapena amangozunguza womwewo. Ambiri opachikidwa pakhoma aja amangozunguza, ndipo kuzizira kwake kumanamiza anthu kuti mpweya ndi wabwino. Fani iikeni pazenera moyang'ana kunja kuti izitulutsa mpweya wogwiritsidwa ntchito kale. Isamauzire kuchoka patebulo lina kupita pa lina. WHO imalangiza kuti m'malo osonkhanamo anthu muzilowa mpweya watsopano wokwana malita 10 pa sekondi iliyonse pa munthu aliyense. Zimenezi n'zovuta kuyeza ndi maso, koma kuli kachipangizo kam'manja koyeza mpweya wa carbon dioxide umene timatulutsa popuma. Panja kamawerenga pafupifupi 420 ppm (ppm ndi muyeso wa kuchuluka kwa mpweya umenewu). M'nyumba mukadzaza anthu kamakwera. Malangizo a ku Britain ankati pansi pa 800 ndiye kuti mpweya ukuyenda bwino, ndipo kakamapitirira 1,500 ndiye kuti zinthu sizili bwino. Eni malo amene amachititsa maphwando sabata ndi sabata ayenera kukhala nako.

Lankhulaninso ndi wokongoletsa, ndipo izi ndikunena chifukwa zinandichitikira. Tinasankha holo chifukwa cha mazenera ake akuluakulu mbali zonse. M'mawa wa ukwati ndinalowa n'kupeza makoma onse atakutidwa ndi nsalu zoyera kuchokera kudenga mpaka pansi, mazenera onse atatsekedwa kuseri kwake kuti mphepo isamakupize nsaluzo. Kunali kokongola zedi, koma munalibe podutsa mpweya. Tinayamba kumasula mapini kutatsala ola limodzi, wokongoletsa ali ndi misozi m'maso chifukwa anagwira ntchitoyo usiku wonse ndipo palibe amene anamuuza. Kulakwa kunali kwathu. Muuzeni pa tsiku loyamba kuti zenera lililonse likhale poyera.

Yezani kukula kwa chipinda. WHO inkati anthu atalikirane mita imodzi kapena kuposerapo, mayiko ena ankati mita imodzi ndi theka, ena mamita awiri. Ku Australia ankawerengera munthu mmodzi pa masikweya mita 4 alionse. Mwa kawerengedwe kameneko, holo ya mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi imalandira anthu 50, ngakhale mwini wake atakuuzani kuti mumalowa 200. Musaiwale zimbudzi, makonde opapatiza ndi chipinda chovalira akwati ndi operekeza. Anthu amathithikana kwambiri m'malo amenewa kuposa m'holo mwenimwenimo.

5. Sinthani ndondomeko ya tsikulo

Fupikitsani. Phwando la maola awiri kapena atatu ndi losiyana kwambiri ndi la tsiku lonse, chifukwa nthawi ikamatalika mpweya umaipiraipira ndipo anthu amatayirira. Chepetsani olankhula. Ngati mwambo uli m'nyumba, ikani kanthawi pakati koti onse atuluke panja, zitseko zonse zitsegulidwe.

Anthu a nyumba imodzi akhale tebulo limodzi, ndipo mpando uliwonse ukhale ndi dzina. Jambulani papepala mmene anthu akhalire n'kulisunga bwino, mudzaona ntchito yake kumapeto kuno. Chakudya chiperekedwe patebulo. Vuto la kudzitengera wekha si supuni yogwirizana yokha ayi, koma mzere umene anthu amaima mophatikizana, akucheza, masiki ali pachibwano. Nthawi ya kudya ndi imene aliyense amavula masiki, ndiye ngati pali gawo limodzi lokha limene mungalichitire panja, likhale limeneli.

Maikolofoni ikhale pachoimikira chake, wolankhula azipita pomwepo. Ngati pali oimba, akhale ochepa, atalikirane ndi alendo, ndipo aime pafupi ndi khomo lotsegula. Wa zoimbira muuzeni atsitse phokoso. Nyimbo zikakwera, aliyense amayandikira khutu la mnzake n'kumakuwa, ndipo kutalikirana konse kumathera pomwepo. Kumene lamulo laletsa kuvina, nthawi zambiri limalolabe akwati awiriwo kuvina okha, koma funsani. Kumene kuvina n'kololedwa, kuchitikire panja.

Zithunzi zijambulidwe panja, nyumba ndi nyumba, wojambula ali ndi mndandanda m'manja kuti anthu asaunjikane podikira. Mphatso ziikidwe patebulo limodzi pafupi ndi khomo. Mzere wopatsa moni akwati mmodzimmodzi, wokumbatirana uja, usiyeni. M'malo mwake akwatiwo ayende tebulo ndi tebulo, aime chapatali pang'ono, athokoze. Ganiziraninso za mayendedwe: palibe phindu kutalikirana m'holo ngati alendo abwera atadzazana m'basi imodzi yotseka mawindo kwa maola atatu.

Za kupukuta matebulo ndi zogwirira zitseko, chitani ndithu, koma zisakudyereni ndalama ndi nthawi yonse. Pakhale madzi ndi sopo pakhomo ndi kuzimbudzi, komanso sanitaiza wokhala ndi alcohol wosachepera 60 peresenti. Kupopera mankhwala pa zovala za alendo pakhomo WHO inaletsa, chifukwa sikuletsa wodwala kutulutsa kachilombo popuma ndipo kumapweteka maso ndi khungu.

6. Auzeni alendo zonse pasadakhale

Munthu asadzamve lamulo koyamba ali pakhomo atavala kale suti. Kutatsala sabata, tumizani uthenga waufupi wonena nthawi yoyamba ndi yomaliza, kuti khadi ndi la munthu amene walembedwapo yekha, kuti masiki adzavalidwa nthawi iti, ndiponso ngati pakufunika chiphaso cha katemera kapena umboni woti munthu wayezetsa. Ngati katemera alipo, kumbutsani anthu msanga, chifukwa thupi limatenga pafupifupi masabata awiri kuti chitetezo chikhwime.

Mawu ofunika kwambiri mu uthengawo ndi awa: "Ngati mukutsokomola, mukumva kutentha thupi, zilonda zapakhosi kapena chimfine, kapena wina kunyumba kwanu akudwala, chonde khalani. Sitidzakhumudwa, tidzakuthokozani." Anthu amabwera kuukwati akudwala chifukwa choopa kuoneka ngati sakukondani. Achotsereni mantha amenewo. Ndipo lamuloli likhudze aliyense, ngakhale mayi a mkwatibwi, ngakhale wodalitsa ukwati. Khalani ndi wina wokonzeka kulowa m'malo mwa mboni kapena wodalitsa.

Kumene zipangizo zoyezera mwachangu zikupezeka, anthu ayeze m'mawa wa tsiku lomwelo. Zotsatira zimatuluka pakati pa mphindi 15 ndi 30. Kuyeza kwa masiku atatu apitawo kumangonena za tsiku limene munayezalo. Choyezera kutentha thupi pakhomo chigwiritseni ntchito ngati lamulo likutero, koma musachikhulupirire kwambiri. Munthu wa COVID-19 amatha kupatsira ena masiku awiri asanayambe kumva chilichonse, ndipo ena sadwala n'komwe. Ku Millinocket kuja onse anadutsa pachoyezera bwinobwino.

7. Sankhani munthu woyang'anira malamulo, ndipo mumupatse mphamvu

Ngati pa zonsezi mungakwanitse chimodzi chokha, chikhale ichi. Pa tsikulo akwati sangathe kuyang'anira kanthu, makolo ali otanganidwa ndi alendo, ndipo operekera zakudya amaopa kudzudzula anthu amene akuwalipira. Pafunika munthu mmodzi, kapena awiri, wina wa kuchimuna wina wa kuchikazi, amene ntchito yake ndi imeneyi basi. Akhale wamkulu ndithu, waulemu, wosachita manyazi, ndipo asamwe mowa tsikulo. Mwana wa sukulu musamupatse ntchitoyi, sangabweze amalume ake pakhomo.

Wotsogolera mwambo amutchule dzina poyambirira penipeni, pamaso pa onse, kuti, "Akwati apempha mayi awa kuti atikumbutse za malamulo a zaumoyo lero. Akakulankhulani, ndiye kuti alankhula ndi akwati." Mawu amenewa amam'masula. Akafika patebulo sakhalanso munthu wovuta, amakhala mthenga.

Ntchito yake ndi iyi. Afike ola limodzi anthu asanabwere, atsegule mazenera, awerenge mipando n'kuchotsa yotsala, chifukwa mpando wopanda munthu umaitana munthu. Pakhomo akhale ndi mndandanda, alembe dzina ndi nambala ya foni ya aliyense wolowa, kuphatikizapo ojambula, oimba ndi operekera zakudya. Akhale ndi masiki apadera m'thumba, pakuti kupatsa munthu masiki n'kosavuta kuposa kumufunsa chifukwa chimene sanavalire. Aziyendera mazenera nthawi ndi nthawi, chifukwa pamakhala wina womva kuzizira amene amatseka mwakachetechete. Wobwera wosaitanidwa amulandire mwaulemu panja, amufotokozere, ngati n'kotheka amupatse chakudya chonyamula, koma asalowe. Gwirizanani zimenezi pasadakhale ndi makolo a mbali zonse, kuti asadzapezeke bambo a mkwati akunena kuti, "Aloleni awa okha." Akalowa mmodzi, khomo latseguka.

Nthawi yovuta kwambiri ndi ola lomaliza. Anthu adya, ena amwa, okalamba atopa, ndipo aliyense akuona ngati zoopsa zadutsa. Okalamba ndi odwala aperekezeni kunyumba nthawi imeneyi isanafike. Nthawi yotseka ikakwana, nyimbo zizime. Ndipo akwati anene poyera kuti kulibe phwando lina kunyumba, chifukwa kawirikawiri anthu amasunga malamulo onse m'holo kenako n'kukadzazana pabalaza la munthu mpaka usiku.

8. Masabata awiri otsatira

Ukwati sunathe pamene holo yatsekedwa. Pa COVID-19 zizindikiro zinkayamba kuoneka pakapita masiku 5 kapena 6, nthawi zina mpaka 14, ndipo mitundu ina ya kachilomboka imene inabwera pambuyo pake inkafulumirapo. Pemphani alendo kuti m'masiku amenewa apewe kuyendera okalamba ndi odwala, ndipo amene amagwira ntchito m'zipatala, m'nyumba zosamalira okalamba, m'sukulu kapena m'ndende ayezetse asanabwerere kuntchito. Akwati nanunso dikirani kaye musanayambe kuzungulira m'makomo mwa abale kukathokoza.

Apatseni alendo nambala imodzi yoti aimbe akadwala, ya woyang'anira uja. Wina akapezeka ndi matendawa, musabise poopa manyazi kapena chindapusa. Imbirani ofesi ya zaumoyo tsiku lomwelo, muwapatse kaundula ndi pepala lija losonyeza mmene anthu anakhalira. Iwo amafuna kudziwa amene anayandikana ndi wodwalayo kuyambira masiku awiri asanayambe kudwala. Pa COVID-19, WHO inkati ameneyu ndi aliyense amene anakhala naye pafupi, mosapitirira mita imodzi, kwa mphindi 15 kapena kuposerapo. Ndi pepala lija, ntchito imene ikanatenga sabata imatha madzulo amodzi, anthu asanapite nako kachilombo kuntchito Lolemba.

Alendo ena onse auzeninso, koma dzina la wodwalayo musatchule. Uthenga wake ungakhale wotere: "Mmodzi mwa amene tinali nawo paukwati Loweruka wapezeka ndi matendawa. Amene munakhala naye pafupi takuimbirani kale. Ena nonse chonde dziyang'anireni mpaka pa deti lakutilakuti, yezetsani ngati mungathe, ndipo mukamva chilichonse imbani nambala iyi."

Kaundula uja musunge kwa masiku amene lamulo la kwanuko lanena. Ku England ankati masiku 21. Akakwana, ng'ambani kapena fufutani, chifukwa manambalawo anthu anapereka kaamba ka zaumoyo zokha, ndipo mwini holo asawatenge kukatsatsira malonda ake.